Galasi pothandiza dzanja lofooka ndi sitiroko

Munthu akadwala sitiroko, dzanja lake limakhala lilibe bala lililonse. Chawonongeka ndi mbali ya ubongo imene imalilamula, motero ntchito yathu ife a mafizo ndi kuuphunzitsanso ubongowo. Chida chimodzi chimene ofufuza akhala akuchiyesa kwa zaka pafupifupi 30 ndi galasi wamba lodziyang'anira.

Wodwala amakhala patebulo, galasi n'kuliimika pakati pa manja ake. Dzanja lofooka limabisika kuseri. Akamafumbata ndi kutambasula zala za dzanja lamphamvu, maso amaona ngati lofooka lija ndilo likuyenda, ndipo mbali za ubongo zoyendetsa dzanjalo zimayamba kutakasika. Anayambitsa njirayi ndi katswiri wa ubongo V.S. Ramachandran wa ku San Diego ku America m'zaka za m'ma 1990, pothandiza anthu odulidwa mkono amene ankamvabe ululu pamkono womwe kulibe. Mu 1999 iye ndi Eric Altschuler anaiyesa pa odwala sitiroko.

Umboni unachuluka. Mu 2018 bungwe la Cochrane, lomwe limaunika kafukufuku wa zaumoyo, linasonkhanitsa kafukufuku 62 wokhudza anthu 1,982, ndipo linapeza kuti galasi limathandiza dzanja kuyenda bwinoko komanso kugwira tintchito ta tsiku ndi tsiku. Kusinthako si kwakukulu, ndipo galasi limangowonjezera pa mafizo enawo, silimawalowa m'malo.

Masiku ano ofufuza ambiri akuthamangira ku zithunzi za pakompyuta zoonera m'magalasi ovala kumaso, ena akuphatikiza galasi ndi timagetsi togwedeza minofu. Nzabwino, koma mtima wanga uli pa kafukufuku woona ngati wodwala angachite yekha kunyumba. Mlimi wa fodya wa ku Chulu kapena ku Santhe sangakwanitse thiransipoti yobwera pachipatala cha Kasungu tsiku ndi tsiku, pomwe m'kafukufuku uja odwala ankachita mphindi 15 mpaka 60, masiku atatu kapena kuposa pa sabata, kwa masabata awiri mpaka asanu ndi atatu. Galasi limapezeka pamsika.

Musayambe nokha wa mafizo asanamuone wodwalayo, chifukwa amene sakuona bwino kapena amasokonezeka maganizo njirayi ingamuvute. Akakuuzani kuti yambani, vulani wotchi ndi mphete kudzanja lamphamvu kuti maso asazindikire, ndipo akamva chizungulire alekeze pomwepo. Mankhwala a BP asasiye kumwa.