Nyali ya pa Intaneti ndi Khoka Lobwera Pambuyo Pake

Aliyense amene anakulira m'mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota amadziwa kuti usipa sachita kuuthamangitsa. Asodzi amayatsa nyali pa bwato usiku wa mdima, nsomba zimasonkhana zokha potsata kuwalako, ndipo chilimira chimazinga zikachuluka. Pa ntchito yanga yophunzitsa achinyamata za makompyuta ndi chitetezo cha pa intaneti, fanizo limeneli ndi limene limandithandiza kufotokoza momwe magulu a zigawenga amakopera anthu kudzera pa foni.

Nyaliyo ndi zimene amaika poyera, pa masamba a mchezo monga Facebook, TikTok ndi YouTube. Ambiri timaganiza kuti amayamba ndi makanema opha anthu, koma nthawi zambiri amayamba ndi zithunzi za ana ovulala pa nkhondo, nkhani za katangale, kapena funso lakuti n'chifukwa chiyani dera lachuma lili ndi anthu osauka. Zina mwa nkhanizi zimakhala zoona ndithu, ndipo mphamvu yake yagona pamenepo. Masamba amenewa anapangidwa kuti munthu akaonera kanema kwa nthawi yaitali, amubweretsere ena ofanana naye, choncho woonera kanema mmodzi wokwiyitsa lero, mawa amapeza asanu. Gulu la Islamic State, litalanda mzinda wa Mosul ku Iraq mu 2014, linagwiritsa ntchito luso limeneli kwambiri, moti mu February 2015 atsikana atatu a sukulu a ku London anathawa kwawo ulendo wa ku Syria.

Tiyerekeze mnyamata wa pa boma pano amene anakhoza MSCE koma akupalasa kabaza. Madzulo ena, atakhala pa khonde la shopu pamene amatchajitsa foni, walemba mawu aukali pansi pa kanema wina. Patapita masiku awiri uthenga wamulowera: “Achimwene, ndawerenga zimene munalemba, ndinu munthu woganiza bwino.” Mlendoyo satchula za mfuti. Amafunsa za ntchito, amafunsa ngati mayi achira, ndipo bandulo ikatha amatumiza kandalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Kwa mnyamata amene tsiku lonse anthu amangomuitana kuti “akabaza”, kupeza munthu womufunsa maganizo ake si chinthu chaching'ono. Kucheza kotereku kumatha milungu, mwinanso miyezi, chifukwa wokopayo sathamanga.

Khoka limayamba kuzinga pamene mlendoyo wanena kuti apitirize kucheza ku Telegram kapena m'gulu lotsekedwa la pa WhatsApp, kumene ena sangaone. Kumeneko mnyamata uja amapeza “abale” ambiri omuyamikira, ndipo pang'onopang'ono amauzidwa kuti shehe wa pa mzikiti wake kapena m'busa wa pa tchalitchi chake anagulidwa ndi boma, kuti makolo ake ali mu mdima, ndiponso kuti anzake akale ndi adani. Kenako zimabwera ntchito zing'onozing'ono, monga kutumiza kanema kwa anzake, kulembetsa simu khadi m'dzina lake n'kuipereka, kapena kulandira ndalama za munthu wina pa nambala yake. Ntchito iliyonse imamumanga, popeza tsiku limene adzafune kubwerera adzakumbutsidwa kuti nayenso ali pa mlandu. Lonjezo la ntchito kapena la maphunziro aulere kunja limabwera kumapeto.

Lonjezo la ntchitolo tisalipeputse. Bungwe la UNDP, nthambi ya United Nations yoona za chitukuko, mu lipoti lake la 2023 limene linachokera pofunsa anthu pafupifupi 2,200 m'mayiko asanu ndi atatu a mu Africa, linapeza kuti mmodzi mwa anthu anayi alionse amene analowa okha m'magulu oterewa anatsata ntchito, ndipo otchula chipembedzo anali ochepera pamenepo. Mu lipoti la 2017 la bungwe lomweli, anthu 57 pa 100 alionse amene anafunsidwa anavomera kuti mabuku a chipembedzo chawo sankawamvetsa bwino kapena sankawawerenga n'komwe. Malipoti omwewo akuonetsanso kuti ambiri anawalowetsa ndi anzawo owadziwa kale, kutanthauza kuti foni siigwira ntchito yokha. Imangofupikitsa mtunda pakati pa wokopa ndi mnzake wa mwana wanu.

Mtundawo ndi waufupi kale. Tsidya lina la nyanja yathu ndi chigawo cha Niassa ku Mozambique, chimene chachita malire ndi Cabo Delgado, kumene zigawenga zinayamba nkhondo pa 5 October 2017 pothira nkhondo malo a polisi ku Mocímboa da Praia. Mu March 2021 zinaukira tauni ya Palma, zomwe zinaimitsa ntchito yaikulu ya gasi ya kampani ya TotalEnergies, ndipo kumapeto kwa chaka chomwecho zinafika m'boma la Mecula ku Niassa. Achinyamata ambiri a ku Cabo Delgado, kuphatikizapo asodzi, anakopedwa ndi malonjezo a ntchito ndi mpamba wa bizinesi.

Ndikufuna kunena mosabisa kuti matendawa si a chipembedzo chimodzi. Munthu amene anapha anthu 51 m'mizikiti iwiri ku Christchurch, New Zealand, pa 15 March 2019 anali mzungu wodana ndi Asilamu, amene chidani chake chinakulira pa intaneti, ndipo anaonetsa kuphako pa Facebook pamene kunkachitika. Kampaniyo inati inachotsa makanema 1.5 miliyoni m'maola 24 oyamba. Kuno kwathu, kumene banja limodzi limatha kukhala ndi opita ku mzikiti Lachisanu ndi opita ku tchalitchi Lamulungu, kukayikira mnyamata chifukwa cha ndevu kapena mkanjo n'kuthandiza wokopa uja, amene akungodikira umboni wakuti anthu a kwawo amamuda.

Chofunika kuyang'ana ndi kudzipatula: mwana amene wasiya anzake onse, akubisa foni munthu akalowa, akulandira ndalama zosadziwika kochokera, ndipo wayamba kunyoza atsogoleri amene ankawalemekeza. Kumulanda foni mwaukali sikuthandiza, chifukwa anauzidwa kale kuti makolo adzatero. Ndi bwino kukhala naye pansi, kuonera naye kanemayo, ndi kumufunsa kuti anamupanga ndani komanso akufuna chiyani. Kanema wophera anthu akalowa m'gulu la pa WhatsApp musamutumize kwina, ngakhale ndi cholinga chochenjeza, popeza kufalitsako ndi kumene eni ake akufuna. Sungani nambala ndi zithunzi za mauthengawo, mukazipereke ku polisi kapena ku MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi intaneti. Ntchito yakunja ikalonjezedwa, funsani dzina la kampani, komwe ili, ndi amene akulipira ulendo, kenako mupite limodzi ndi mwanayo ku ofesi ya zantchito pa boma akakutsimikizireni, asanapereke chiphaso chake cha unzika kwa wina aliyense.