Nkhata ya masamba ndi chisoti cha mikanda: mbiri ya mayina a Stefano ndi Adé

Makolo ambiri amene amatcha mwana wawo Stefano amakhala akukumbukira munthu wa m'buku la Machitidwe a Atumwi, uja anaponyedwa miyala mpaka kufa Saulo akusunga zovala za anthu omuponyawo. Komabe dzinali linalipo kale Chikhristu chisanayambe, ndipo linachokera ku mawu a Chigiriki akuti stephanos, omwe mabuku otanthauzira mayina amangoti ndi korona. Kumasulira kotereku kumabisa zambiri, chifukwa stephanos sichinali chisoti chagolide cha mfumu ayi, koma nkhata yoluka ndi masamba imene ankaveka munthu wopambana pa mpikisano. Ku Olympia m'dziko la Greece, kumene masewera akuti anayamba m'chaka cha 776 Khristu asanabadwe, nkhatayo inali ya nthambi za azitona, pamene ku Nemea ankaluka ndi chomera chakutchire chotchedwa selari. Patapita masiku ochepa masambawo ankafota, ndipo n'chifukwa chake Paulo, polembera Akorinto, anasiyanitsa korona wovunda wa othamanga ndi korona wosavunda wa okhulupirira.

Dzina la munthu woyamba kuphedwa chifukwa cha Khristu linafalikira limodzi ndi mpingo, ndipo lilime lililonse linalipinda mwa njira yake: Afalansa amati Étienne, a ku Spain amati Esteban, Apwitikizi amati Estêvão monga mmene limamvekera ku Tete, ndipo a ku Hungary amati István. Ku Hungary n'kumene nkhata ija inasanduka chisoti chachifumu chenicheni. Mwana wa mtsogoleri wa dzikolo, yemwe anabadwa ndi dzina lakuti Vajk, anabatizidwa kukhala István ndipo anavekedwa ufumu kumapeto kwa chaka cha 1000 kapena kumayambiriro kwa 1001. Chisoti chokhala ndi mtanda wopendekeka pamwamba, chimene mpaka lero chimadziwika ndi dzina lake, chinapangidwa iye atamwalira kale, koma zimenezi sizinachepetse ulemu wake kwa eni dziko. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itatha chinatengedwa ndi Amereka n'kukasungidwa ku Fort Knox m'dziko lawo, mpaka pamene pulezidenti wawo Jimmy Carter anachibweza m'chaka cha 1978. Ku Serbia nako mafumu a banja la Nemanjić ankatenga dzina lakuti Stefan pokhala pampando, ngati kuti dzinalo linali mbali ya zovala zaufumu.

Mayina ena a tanthauzo lofanana alibe mbiri yaitali chotere. Atara, lomwe m'Chiheberi ndi korona, limapezeka pa 1 Mbiri 2:26 monga dzina la mkazi wina wa Yerameeli, ndipo Taj la Aperezi ndi Aluya limamvekanso m'mawu a Chiswahili akuti taji.

Kwa Ayoruba a ku Nigeria nkhani inayambira kwina, pakuti adé sichinali chinthu chopata ndi liwiro kapena mphamvu za m'mikono, koma chobadwa nacho. Ndi chisoti chosongoka chosokedwa ndi mikanda, chokhala ndi tizifanizo ta mbalame pamwamba ndiponso zingwe za mikanda zolendewera kutsogolo kuti anthu wamba asaone nkhope ya mfumu. Mwambo wawo umati oyenera kuchivala ndi mafumu okhawo amene mzere wawo umafika kwa Oduduwa wa ku Ile-Ife, amene amati ndi kholo la Ayoruba. Nkhaniyi inali yaikulu kotero kuti m'chaka cha 1903 bwanamkubwa wa atsamunda a ku Britain, William MacGregor, anaitanitsa Ooni, mfumu ya ku Ife, kuti apite ku Lagos kukaweruza ngati Elepe, mfumu ya ku Epe, anali woyenera chisoti cha mikanda, ndipo chigamulo chinamukanira. Munthu akamva mlandu umenewu amamvetsa chifukwa chake kale mayina oyamba ndi Adé ankasonyeza kuti mwanayo ndi wa kubanja lachifumu, ngakhale kuti masiku ano afala kwambiri.

Chimene chimandikopa pa mayinawa n'chakuti lililonse ndi chiganizo chathunthu, monga mmene alili mayina athu a Tiyamike ndi Mwayiwawo. Adebayo amatanthauza kuti chisoti chakumana ndi chimwemwe, Adewale kuti chisoti chabwera kumudzi, Adeyemi kuti chisoti chandiyenera, ndipo Adetokunbo kuti chisoti chachokera kutsidya kwa nyanja, dzina limene nthawi zambiri limapatsidwa kwa mwana wobadwira kunja kwa dziko.

Dzina lomalizali linachita ulendo wodabwitsa. Banja lina la ku Nigeria lodziwika ndi dzinali linasamukira ku Athens, kumene mwana wawo Giannis anabadwira m'chaka cha 1994, ndipo pamene ankalandira unzika wa Greece m'chaka cha 2013, dzina la makolo ake linalembedwa motsatira zilembo za Chigiriki n'kukhala Antetokounmpo. Ndi dzina limeneli, lomwe olengeza masewera ku Amereka anavutika nalo kulitchula kwa nthawi ndithu, Giannis anapambana chikho cha NBA, mpikisano waukulu wa mpira wa basketball kumeneko, ndi timu ya Milwaukee Bucks m'chaka cha 2021.