Mkangano wa nkhanu ndi mbalame ku Delaware Bay

Mu Meyi ndi Juni, mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene, magombe a Delaware Bay, pakati pa zigawo za New Jersey ndi Delaware ku America, amadzaza ndi nkhanu zotchedwa horseshoe. Dzina lokha ndilo la nkhanu, koma chibale chake chili kwa akangaude ndi zinkhanira. Yaikazi imakwawira kumtunda itabereka yaimuna kumsana, n'kukumba mchenga ndi kukwirira mazira obiriwira, ang'onoang'ono ngati njere za mapira.

Masiku omwewo imatera mbalame ya red knot, yochokera ku Tierra del Fuego, kunsonga kwa South America, pa ulendo wa makilomita pafupifupi 15,000 wokaswa ku Arctic, kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi. Imafika itatheratu, ndipo m'masabata awiri okha iyenera kunenepa kufika magalamu 180 kuti ipitirire. Vuto ndi lakuti mlomo wake sufika pamene pakwiriridwa mazira. Imadya okhawo amene afukulidwa ndi mafunde, kapena ndi nkhanu zina pokumba pomwe inzake yaikira kale. Choncho nkhanu zikangochepa, ngakhale zisanayandikire kutha, pamwamba pa mchenga pamakhala mbee, mbalame n'kugona ndi njala. Mkangano wonse wagona pamenepa.

Kugwira nkhanuzi kunayamba kale. M'zaka za m'ma 1800 ankazikokolola mamiliyoni kukapanga feteleza ndi chakudya cha ziweto, mpaka feteleza wa m'mafakitale atalanda msika. Zinachulukananso, koma m'ma 1990 asodzi a mikunga ndi nkhono za m'nyanja anayamba kuzifuna ngati nyambo, makamaka zazikazi zodzaza mazira. Anthu ankangozitola pagombe ndi manja n'kudzaza magalimoto. Pomwe yaikazi imatenga zaka pafupifupi 10 kuti iyambe kuikira, kutola kotereku kunali kudula mtundu. Mbalame za red knot zimene zinkawerengedwa pamagombewa pafupifupi 90,000 m'ma 1980 zinatsika koopsa, ndipo mu 2021 sizinakwane 7,000.

Malamulo anabwera mozengereza. Bungwe loyang'anira usodzi la Atlantic States Marine Fisheries Commission linakhazikitsa ndondomeko yoyamba mu 1998, ndipo mu 2001 dera lina la m'nyanja linatsekedwa, n'kupatsidwa dzina la katswiri wa nkhanuzi, Carl Shuster. New Jersey inaletseratu usodziwu ndi lamulo la 2008. Delaware inayesa zomwezo koma khoti linakana mu 2007, ndiye inangololeza kugwira zazimuna. Kuyambira 2013 zazikazi za ku Delaware Bay zinaletsedwa kugwidwira nyambo, ndipo mu 2014 boma la America linaika red knot pa mndandanda wa zamoyo zomwe zili pachiopsezo.

Asodzi nawo ali ndi mfundo: akuti nkhanu zabwerera, nanga chiletso chidzatha liti? Mu 2022 bungwe lija linasintha kawerengedwe kake ka nkhanu zololedwa kugwidwa moti zazikazi zikanatha kugwidwanso. Anthu anakwiya, ndipo chiletso chinakhalabe. Ine ndikuona kuti anachita bwino, chifukwa chofunika kwa mbalame ndi mazira amene ali poyera pamchenga, ndipo akatswiri ofufuza magombewo akuti sanafikebe mmene analili kale.

Palinso nkhani ya magazi. Magazi a nkhanuzi ndi abuluu, ndipo kuyambira 1977 amagwiritsidwa ntchito poyeza ngati katemera ndi mankhwala a jakisoni alibe poizoni wa mabakiteriya. Makampani amazigwira, kuzikhetsa magazi n'kuzibwezera m'madzi, koma zina zimafa ndithu, ndipo chiletso cha zazikazi chija sichiwakhudza. Mankhwala opangidwa m'labotale olowa m'malo mwa magaziwa, rFC, anatulukiridwa ku National University of Singapore. Ku Ulaya anawavomereza kale, pomwe bungwe la US Pharmacopeia, loika miyezo ya mankhwala ku America, linadikira mpaka 2024.