Nyimbo zoletsa otchova njuga kugona: mbiri ya ma lounge a ku Las Vegas

Pali anthu, ena obadwa dzana lomweli, amene akaona chithunzi cha Frank Sinatra ali mu suti yakuda, tambula ili m'manja, malipenga akulira kumbuyo, amausa moyo kuti kale zinthu zinkakoma. Nyimbozo zinali zokoma ndithu, palibe wotsutsa. Koma amene ankalipira oimbawo mtima wawo sunali pa nyimbo. Ankafuna kuti munthu wotchova njuga asakagone.

Boma la Nevada linaloleza njuga mu 1931, Las Vegas idakali katauni ka njanji pakati pa chipululu. Hotela yoyamba pamsewu umene lero umatchedwa Strip inali El Rancho Vegas, ya mu 1941. Kenako kunabwera Flamingo ya chigawenga Bugsy Siegel kumapeto kwa 1946, Desert Inn mu 1950, Sahara ndi Sands mu 1952. Eni ake onsewa mutu unkawapweteka ndi chinthu chimodzi: tebulo la njuga n'lofanana kulikonse, ndiye munthu wa ku Los Angeles umukopa bwanji kuti adutse chipululu chonsecho n'kudzaluza ndalama kwa iwe osati kwa mnzako? Anayamba kupikisana ndi mayina a pachikwangwani. Sands inatenga Jack Entratter wa ku kalabu ya Copacabana ku New York, iye n'kukoka akatswiri amene ankadziwana nawo kuti aziimba mu Copa Room, chipinda chachikulu cha zionetsero cha hotelayo. Riviera itatsegulidwa mu 1955 inkalipira woimba piyano Liberace madola 50,000 pa sabata. Ndalama zotere sizikanabwerera pakhomo lolowera. Zinkabwerera pa tebulo.

Komatu chionetsero cha m'chipinda chachikulu chinkatha. Anthu akatuluka pakati pa usiku, ena tulo tayamba kuwaba, akazi a otchova njuga akukoka amuna awo jekete kuti tiyeni tikagone, apa m'pamene lounge inkagwira ntchito. Kanali kamalo ka m'mbali mwa matebulo, kopanda chitseko, kolowa ulere, bola ugule chakumwa. Phokoso la bandi linkasefukira ku matebulo, la njuga n'kumalowa mu nyimbo. Zinali ngati mtedza wamchere umene mwini bala amakuikira kuti ludzu lisathe.

Gulu la Mary Kaye Trio ndi limene ambiri amati linayambitsa kuchezera kotereku ku hotela ya Last Frontier, koma amene anakufikitsa pachimake ndi Louis Prima. Mkuluyu, woimba lipenga wa ku New Orleans, anali atatchukapo kale, koma pofika 1954 nyengo ya mabandi akuluakulu inali itapita ndipo m'thumba munali mutauma. Anapempha ntchito kwa Bill Miller wa ku Sahara, n'kupatsidwa masabata awiri mu Casbar Lounge. Anaitana Sam Butera, mnyamata wa sakisafoni wakwawo komweko, amene anabwera ndi bandi imene inadzatchedwa The Witnesses. Masabata awiri aja anasanduka zaka.

Kukoma kwake kunali apa. Prima ankadumpha, kukuwa ndi mawu osasa, kuponyamo Chitaliyana, thukuta lili kamukamu. Pambali pake mkazi wake Keely Smith, tsitsi lodulira m'khosi, ankangoima njo, nkhope yosamwetulira, akumuyang'ana ngati mwana wosamva. Akatsegula pakamwa kuimba, chipinda chonse chete. Ankatero kuyambira pakati pa usiku mpaka mbandakucha, ndipo akatswiri a m'zipinda zikuluzikulu akaweruka ankabwera kudzakhala m'gulu la oonera. Pa Casbar yomweyo m'pamene Don Rickles anadzakulira ndi nthabwala zake zotukwana alendo maso ndi maso, iwo akuseka mpaka misozi.

Zithunzi zokongola zija sizisonyeza amene ankaletsedwa kukhala pamipando. Nat King Cole, Lena Horne ndi Sammy Davis Jr. ankadzaza zipinda ndi azungu, koma kwa zaka ndithu oimba akuda ankalowera khomo la kukhitchini, osaloledwa kudya kapena kutchova njuga mu hotela imene akuilemeretsa. Akamaliza, ambiri ankakagona ku Westside, kutsidya kwa njanji, m'nyumba za alendo ngati ya mayi Genevieve Harrison. Mu May 1955 kumeneko kunatsegulidwa Moulin Rouge, hotela yolandira mitundu yonse, wolonjera alendo ali katswiri wa nkhonya Joe Louis. Chionetsero chake cha m'ma 2 koloko usiku chinkakoka anthu a ku Strip, oimba achizungu omwe. Sinathe ngakhale chaka, inagwa ndi ngongole. Koma m'nyumba yomweyo, mu March 1960, dokotala wa mano James McMillan wa bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP ataopseza kuti achititsa zionetsero pa Strip, akuluakulu a mzinda ndi bwanamkubwa Grant Sawyer anakumana n'kugwirizana kuti tsankho la m'makasino lithe.

Chaka chomwecho, mu January ndi February, m'pamene Sinatra, Dean Martin, Sammy Davis Jr., Peter Lawford ndi Joey Bishop ankajambula filimu masana, usiku n'kumakwera siteji ya Copa Room onse pamodzi. Masabata ochepa amenewo ndiwo anabala pafupifupi chithunzi chonse chimene anthu amachisowa lero. Amene amamvera zojambulidwa za gululi amadziwa kuti nthabwala zina zoponyedwa kwa Sammy, za khungu lake, lero zimachititsa manyazi. Iye ankaseka nawo mpaka kupindika.

Chinapha ma lounge si nyimbo za rock zokha. Elvis Presley mwiniwake anayesa ku New Frontier mu 1956, akuluakulu a matayi osamumvetsa. Chinawapha ndi mabuku a ndalama. Mpondamatiki Howard Hughes anagula Desert Inn ndi Sands mu 1967, ndipo malamulo a Nevada a mu 1967 ndi 1969 anatsegulira njira makampani akuluakulu. Zigawenga zimene zinkayendetsa makasino kale zinkangowerenga ndalama za kasino yonse, zina zikulowa m'matumba mwawo zisanafike m'kaundula. Makampani ankafunsa kangodya kalikonse kuti kabweretsa zingati, ndipo kachipinda kolowa ulere, kokhala ndi bandi yolipidwa usiku uliwonse, kanalibe choyankha. M'malo ambiri munaikidwa keno, njuga yosankha manambala, ndi makina a njuga. Mu 1989 oimba ananyanyala ntchito kwa miyezi ingapo pokana kuti mahotela aziika matepi m'malo mwa bandi, koma matepi anapambana.

Sands anaigwetsa ndi mabomba mu November 1996, pamalopo n'kumangidwa hotela ya Venetian. Chaka chomwecho kampani ya Capitol inayamba kutulutsa ma CD a nyimbo zakalezi otchedwa Ultra-Lounge, ndipo ogula ambiri anali achinyamata amene makolo awo ankanyoza nyimbozi kuti n'za agogo oledzera. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mahotela a pa Strip amapeza ndalama zambiri pa zipinda, chakudya ndi zionetsero kuposa pa njuga, choncho woimba ayenera kudzilipira yekha ndi matikiti, ena a madola mazanamazana.