Mphika wogona pamoto: mbiri ya chakudya cha Ayuda cha pa Sabata

Lachisanu masana, m'nyumba zambiri za Ayuda ku Jerusalem, New York ngakhale ku Johannesburg, mphika waukulu umakhala utaterekedwa kale. Mwalowa nyemba zonyika dzulo, nyama ya ng'ombe yonona pamodzi ndi mafupa ake, anyezi, balere ndi kachewere. Dzuwa lili pafupi kulowa amathira madzi komaliza, n'kuvundikira, n'kuchepetsa moto. Kuyambira pamenepo palibe wovundulanso. Mphikawo umagona pamoto, n'kudzaphulidwa Loweruka masana anthu akabwera kusunagoge. Ayuda a kum'mawa kwa Ulaya amachitcha chakudyachi cholent.

Gwero lake lili pa Eksodo 35:3, pomwe akuletsa kusonkha moto m'nyumba tsiku la Sabata. Sabata la Ayuda limayamba dzuwa likalowa Lachisanu, ndiye funso linali lakuti: tsiku lachisangalalo ngati limeneli anthu azidya zozizira? Aphunzitsi a chilamulo, arabi, anati ayi. Choletsedwa ndi kuyatsa moto ndi kuphika. Koma moto woyaka kale usiyeni uyake. Buku la malamulo a arabi lotchedwa Mishnah, lomwe linasonkhanitsidwa cha m'ma 200, limafika pofotokoza zofunditsira mphika kuti usazizire: zovala, nthenga za nkhunda ndi utuchi wa kalipentala ndi zololedwa, koma manyowa, mchere, laimu ndi mchenga ayi, poti izi zimawonjezera kutentha, kumene kuli ngati kuphika. Dzina lakale la chakudyachi, hamin, limangotanthauza "zotentha".

Si onse anavomera. Kuyambira zaka za m'ma 700 ndi 800 kunadzuka gulu la Akaraite, lomwe linakana miyambo ya arabi n'kumamatira Malemba okha. Kwa iwo moto sunkayenera kuyaka konse pa Sabata, kaya unayatsidwa liti. Ankakhala mumdima, n'kumadya zozizira. Mkangano unakula moti m'zaka za m'ma 1100, rabi Zerachiah ha-Levi wa ku Girona, mzinda wa ku Spain, analemba kuti munthu wokana kudya zotentha pa Sabata ayenera kukayikiridwa kuti ndi wampatuko. Apa ndi pomwe ine nkhaniyi imandigwira mtima. Nthunzi yotuluka mumphika inkanena mbali imene banjalo lili, eni ake asanatsegule pakamwa.

Ku Spain nthunzi yomweyo inaphetsa anthu. Kumeneko chakudyachi chinkatchedwa adafina, chophika ndi tchana, nyama ndi mazira. Ayuda ambiri anali atabatizidwa mokakamizidwa, ndipo bwalo lachikatolika lozenga ampatuko la Inquisition, lokhazikitsidwa mu 1478, linkasaka amene akutsatabe Chiyuda mobisa. Umboni sunali patali. Wantchito wa m'nyumba kapena woyandikana naye ankangokanena kuti mayi wakutiwakuti amatereka mphika Lachisanu, ndipo Loweruka panyumba pake sipafuka utsi. Zimenezi zinkalembedwa pamlandu, ndipo ena mwa ozengedwawo anawotchedwa. Taganizirani mayi amene akudziwa zonsezi, koma Lachisanu likafika n'kunyikabe tchana monga ankachitira amayi ake.

Mu 1492 Ayuda okana kubatizidwa anathamangitsidwa ku Spain, ndipo mphikawo unapita nawo. Ku Morocco umatchedwa dafina kapena skhina. Ayuda a ku Iraq, omwe anali kumeneko kuyambira kalekale, anali ndi wawo, tbit, nkhuku yodzaza mpunga m'mimba. Cholent timaiona lero ndi yaposachedwa kuposa momwe ambiri amaganizira, chifukwa nyemba zathu zino ndi kachewere zinachokera ku America, ndipo kachewere anafala pakati pa amphawi a ku Poland ndi Lithuania m'zaka za m'ma 1800. Ayuda ambiri a ku South Africa makolo awo anachokera ku Lithuania komweko.

M'timatauni ta ku Poland ndi Lithuania nkhuni zinali zodula, ndipo si nyumba iliyonse inali ndi uvuni wosunga kutentha mpaka mawa. Lachisanu madzulo mabanja ankanyamula miphika kupita nayo kwa wophika buledi, chivundikiro atachimata ndi ufa wokanda kuti nthunzi isathawe. Loweruka masana ana ankatumidwa kukatenga, aliyense akuyang'ana chizindikiro cha mphika wa kwawo. Masiku ano ntchitoyi imagwiridwa ndi chitsulo chophwatalala chotchedwa blech, chomwe amachiika pamwamba pa sitovu, kapena mbaula yamagetsi imene ku Israel amaitcha plata.

Chimene maola onsewo amachita ku chakudya, moto wachangu sungachite. Nyama imalekana ndi fupa yokha, msuzi umakhuthala n'kudera, kachewere amasanduka wofiirira mpaka m'kati. Ayuda ochokera ku Spain ndi Morocco amaponyamo mazira osasenda, otchedwa huevos haminados. Ukawasenda Loweruka, choyera chija chimakhala chasanduka chakhofi, ndipo chimanunkhira ngati mtedza wokazinga.