Mafuta a azitona sawonjezera mphamvu akakhalitsa

Sabata ino ndafunsidwanso funso lomwe lija: "Achimwene, botolo ili latha zaka zitatu m'kabati, ndiye kuti lakhwima bwino eti?" Ayi. Ndakhala ndikuyeza mafuta odyera kwa zaka zambiri ndipo pakamwa pandiwawa n'kubwereza. Mafuta a azitona ndi madzi ofinyidwa kuchokera m'chipatso. Tsiku lowafinya ndi lomwe amayambanso kuwonongeka. Dzuwa, kutentha ndi mpweya zimawadya mpaka ayambe kununkha ngati mtedza wogonera chaka.

Ogulitsa amatikopa ndi chithunzi cha pabotolo: nyumba yakale ya kumunda, mwala woperera, bulu. Nyumba zoterozo zilipodi. Ku Puglia, kummwera kwa Italy, amazitcha masseria. Mumpanda umodzi wamiyala munkakhala khola, nkhokwe, chitsime, nthawi zina ndi katchalitchi, mwini munda ndi antchito ake pabwalo limodzi. Chofinyira mafuta ankachikumba pansi m'thanthwe, poti pansi pamafunda nyengo yozizira ndipo mafuta sagwirana. Bulu womangidwa kumaso ankazunguza mwala. Phala la azitona ankalipaka pa timphasa tozungulira, n'kutisanjikiza, n'kupanikiza mpaka mafuta adonthe. Amuna ankatha miyezi ali m'phangamo, kudya ndi kugona pafupi ndi bulu wawo.

Thukuta limenelo ndimalilemekeza kwambiri. Koma mafuta ambiri otuluka m'mapanga amenewa sanali othira mundiwo. Azitona ankatoledwa pansi atagwa okha, n'kuunjikidwa kudikira mwala, akutenthana ndi kuvunda pamulu. Mafutawo ankapita kudoko la Gallipoli, ku Puglia komweko, n'kukwera zombo kukayatsa nyale m'mizinda ngati London. Mpaka lero mafuta otsikitsitsa amatchedwa lampante, kutanthauza a m'nyale, ndipo malamulo a ku Ulaya salola kuti agulitsidwe ngati chakudya asanayengedwe.

Zidzukulu za alimi omwewo zikafuna mafuta abwino zimathyola zipatso mumtengo n'kuthamangira nazo kumakina tsiku lomwelo. Kuti mafuta atchedwe extra virgin, kutanthauza apamwamba kwambiri, asidi wake asapose 0.8 pa 100 aliyense, ndipo olembedwa kuti anafinyidwa mozizira sayenera kutentha kufika madigiri 27 powafinya. Akamakuwawani pang'ono kukhosi, musadandaule, ndiye atsopanowo.

Chimene chimandisowetsa tulo si botolo lokhalitsa ayi. Mayi wina wa kumpingo kwathu, wodwala BP, anagula kabotolo kopanda dzina la kampani kapena tsiku kwa munthu wodzitcha dokotala. Anauzidwa kuti ndi mafuta a "mphero yamakedzana" ndipo supuni ziwiri m'mawa zitsuka mitsempha. Anasiya mapiritsi. Atandibweretsera mafutawo kuti ndiwaone, fungo lokha linandiuza kuti mbali yaikulu inali mafuta wamba ophikira, owonongeka kale. Ndinawauza za mafutawo, ndinafotokoza bwinobwino. Za mapiritsi sindinafunse. Patatha miyezi iwiri anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo pano amayenda ndi ndodo, mawu satuluka bwino. Funso limodzi lokha lija ndikanafunsa!

Choncho ndimveni. Mafuta a azitona ndi chakudya chabwino, amathandiza mtima akalowa m'malo mwa mafuta oundana a nyama. Satsitsa BP mmene amachitira mankhwala, sachiza shuga, sasungunula miyala ya mundulu. Timibulu tobiriwira timene anthu amatulutsa m'chimbudzi atamwa mafuta ndi mandimu si miyala ya mundulu, ndi mafuta omwewo atagwirana m'matumbo. Za kudzoza kutchalitchi sindilowererapo, n'za chikhulupiriro cha munthu. Koma aliyense wokuuzani kuti mutaye mankhwala a kuchipatala chifukwa cha botolo lake, mutembenukireni msana. Mkono ukachita dzanzi, pakamwa pakapotoka, mawu akayamba kulemera, pezani galimoto yopita kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche.