Batani la jekete linapulumutsa Handel

Madzulo a pa 5 Disembala 1704, anthu akutuluka m'nyumba ya zisudzo ya ku Gänsemarkt mumzinda wa Hamburg ku Germany, anyamata awiri anasololerana malupanga pabwalo. Mmodzi anali Johann Mattheson, wa zaka 23, mwana wa mumzindamo. Winayo anali George Frideric Handel, wa zaka 19, wochokera ku Halle, amene pambuyo pake anadzatchuka kwambiri popeka nyimbo. Onse awiri anali oimba. Chodabwitsa n'chakuti awiriwa anali pa ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo. Chaka chapitacho anayendera limodzi ulendo wa ku Lübeck kukaona ngati angalowe m'malo mwa Dietrich Buxtehude, woimba ogani wa tchalitchi cha Marienkirche. Atamva kuti wolandira ntchitoyo ayenera kukwatira mwana wamkazi wa mkuluyo, onse anabwerera ku Hamburg.

Nanga anayambanirana chiyani? Tsikulo kunkaonetsedwa sewero loimba lotchedwa Cleopatra, lopekedwa ndi Mattheson. Mwini wakeyo ankasewera ngati Antonius, ndipo Antonius amafa seweroli lisanathe. Chizolowezi chake chinali chakuti akangofa pasiteji, ankatsika n'kukakhala pa harpsichord, chida chofanana ndi piyano chomwe wotsogolera oimba ankakhalapo nthawi imeneyo. Koma usiku umenewo pampandopo panali Handel, ndipo anakaniratu kusuntha. Anatukwanizana mpaka panja. Lupanga la Mattheson linafikadi pachifuwa pa mnzakeyo, koma linagunda batani lalikulu lachitsulo la jekete lake n'kuthyoka. Mwezi usanathe anali atagwirizananso, akudyera pamodzi.

Apa m'pofunika kusamala: pafupifupi zonsezi timazimva kwa Mattheson mwini. M'buku la mbiri ya Handel limene John Mainwaring anatulutsa ku England mu 1760 munalembedwa kuti Handel anachita kumulalira kuti amuphe, ndipo chinamuteteza ndi mpukutu wa mapepala a nyimbo umene anapisa pachifuwa. Mattheson, atakalamba kale, anamasulira bukulo m'Chijeremani chaka chotsatira n'kumatsutsamo zimenezi ndime ndi ndime. Sankafuna kukumbukiridwa ngati chigawenga.

Kunena zoona, kukangana kunali m'magazi mwake, kungoti kenako anasiya lupanga n'kugwira cholembera. Buku lake la mu 1713, Das neu-eröffnete Orchestre, linanyoza njira yakale yophunzitsira nyimbo ndi ut, re, mi, fa, sol, la, imene inayamba ndi Guido wa ku Arezzo, mphunzitsi wa nyimbo wakale wa ku Italy. Johann Heinrich Buttstett, woimba ogani ku Erfurt, anaikira kumbuyo njirayo, ndipo mu 1717 Mattheson anamuyankha ndi buku lathunthu lodzaza chipongwe. Mfundo yake inali yakuti woweruza nyimbo ndi khutu ndi mtima wa womvera, masamu ndi malamulo a makolo abwere pambuyo. Ngakhale Johann Sebastian Bach, katswiri wotchuka wopeka nyimbo, sanamusiye: m'magazini yake ya Critica Musica anamuseka chifukwa chobwereza mawu amodzimodzi kambirimbiri m'nyimbo ina ya m'tchalitchi. Pamenepo ndiye anaphonya, chifukwa nyimboyo ikuimbidwabe mpaka pano pomwe za Mattheson amazidziwa ndi owerengeka.

Ndalama zake zenizeni ankazipeza kwina. Kuyambira mu 1706 anali mlembi wa kazembe wa England ku Hamburg. Ankatsogoleranso nyimbo ku tchalitchi chachikulu cha mumzindamo mpaka mu 1728, pamene makutu anagontha. Kugonthako kunamupatsa mpata wolemba kwambiri. Der vollkommene Capellmeister, buku la mu 1739 lophunzitsa zonse zimene mtsogoleri wa oimba ayenera kudziwa, akatswiri amaliwerengabe akafuna kumvetsa mmene nyimbo za nthawiyo zinkaimbidwira. Mu 1740 anasonkhanitsa mbiri za oimba ambiri m'buku limodzi. Bach ndi Handel anawapempha kuti atumize zawo, onse sanatumize, choncho za Handel anangozilemba yekha monga ankazikumbukira.

Anamwalira pa 17 Epulo 1764 atapereka chuma chambiri chopangira ogani yatsopano ya tchalitchi cha St. Michaelis, kumene anaikidwa. Mipukutu yambiri ya nyimbo zake inasowa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo inabwezedwa ku Hamburg mu 1998 kuchokera ku Yerevan, m'dziko la Armenia.